Mbewu ya Mayina Atatu

Kalekale, patangopita zaka ziwiri chichitikire njala yaikulu imene inatsatira nkhondo yachiwiri ya Azungu, mkulu wina dzina lake Filipo Ndau anamwalira kumapiri a ku Ntcheu, kufupi ndi malire a dziko la Apwitikizi. Anasiya ana atatu, dimba limodzi ndi mawu ochepa. Mawuwo anali akuti: "Dimba lisagawidwe, pakuti kasupe wake ndi mmodzi. Alitenge mwini wake wa mbewu ili m'menemoyo, ndipo iyeyo ndiye aitche dzina." Atatero sanalankhulenso.

Mbewu ankanenayo inali ya chipatso chofiira chothira m'ndiwo, chija timagula pamsika lero osachiganizira n'komwe. Ana atatuwo sankachitchula mofanana. Wachisamba, Jailosi, ankati tamati. Wachiwiri, Bauleni, ankati tomate. Mlongo wawo Lufina, mzime, ankati phwetekere, monga ankatchulira malemu mayi awo.

Kuderako kunali mwambo wakuti mbewu yachilendo ikakhala yabwino inkatenga dzina kwa mwini wake, ndipo wodzapempha mbewuyo ankagwada pakhomo pa mwiniyo, osati pa wina. Kwa amuna awiriwo nkhaniyi inali ya ulemu ndi ya ana awo. Kwa Lufina inali ya pokhala. Mwamuna wake anathawa njala itangoyamba, munda wake wakumtunda unali miyala yokhayokha, ndipo alamu ake, akazi a achimwene akewo, anali atayamba kale kuyeza dimbalo ndi maso.

Tsono mverani zimene aliyense anachita.

Jailosi anapita ku Joni ali mnyamata. Fumbi la mumgodi litamuononga chifuwa anamuchotsa ntchito, ndipo anakalowa pa famu ya Mbunu wina. Kumeneko anaona chipatso chachikulu ngati nkhonya, chimene antchito anzake ankachitcha tamati. Mwini famuyo sankalola kuti mbewu yake ituluke. Pachipata ankapisa anthu m'matumba, ndipo wopezeka ndi njere ankalawa chikoti. Jailosi anafinyira chipatso chakupsa m'kati mwa mkombero wa chipewa chake, nachisiya chiume. Chipewacho anachivala podutsa pachipata, anachivala m'sitima, anagona nacho kumutu mpaka kufika kwawo. Anabwera ndi zinthu zitatu: njinga, chifuwa ndi chipewa. Chipewacho anachidula n'kuchikwirira m'dimba la bambo ake, ndipo chinamera.

Tsiku lookera mbande anapeza m'mphepete mwa dimba mutayanga phwetekere wamng'onomng'ono wa makolo, uja wowawasa, womera yekha.

"Iwe Lufina, tchire ili likutani muno?"

"Si tchire, achimwene. Ndi phwetekere wa amayi."

"Timaso ta nkhuku timeneti? Mbewu yomera kuseri kwa chimbudzi? Ku Joni izi amazula. Zimaononga tamati weniweni."

"Amayi anatilera ndi timaso ta nkhuku tomweto."

"N'chifukwa chake sunakule," anatero Jailosi akuseka, nayamba kuzula.

 Madzulo ake Lufina anatola zitsamba zochepa zimene mizu yake inali isanaume, nakazibzala pa mulu wa zinyalala kumunsi kwenikweni kwa dimba, poyandikana ndi mzere wotsiriza wa tamati. Jailosi sankafika kumeneko chifukwa kunkanunkha.

Chaka chimenecho tamati anabereka bwino. Amunawo anathyola zipatso zokongola za m'mizere yapakati n'kupita nazo kumsewu, kumene malole ankaima. Kusunga mbewu inali ntchito ya akazi, ndipo mlongo wawo anamusiyira mzere wotsiriza uja, umene zipatso zake sankaziwerengera. Lufina anazifinyira pa kachiguduli, anawaza phulusa, nakoloweka kachigudulico kudenga pamwamba pa moto kuti utsi uthamangitse tizilombo. Ena amati njuchi ndizo zinasakaniza tamati wa ku Joni ndi phwetekere wa pa zinyalala. N'kutheka. Palibe anaziona zikuchita.

Bauleni naye anali ndi mbiri yake. Anaoloka malire kukafuna ganyu, ndipo kumeneko anamugwira n'kumutengera ku chibalo, pa munda wa masamba wa Mpwitikizi wina. Anabwerako msana uli zipsera, koma m'mutu muli ntchito. Anadziwa kufesa tomate pa nazale, kuimika timitengo kuti zipatso zisagone pansi, ndi kuyendetsa madzi m'ngalande kuchokera kutali. Chaka cha njala mvula inadula chimanga chili m'maondo, ndipo zitsime zonse za m'madimba zinaphwa. Anthu anakhala pansi kudikira mitambo. Bauleni anakwera phiri napeza kasupe pansi pa thanthwe. Anayamba kukumba yekha. Pofika pa mwala wosakumbika ankasonkhapo moto waukulu, n'kuthirapo madzi ozizira kuti ung'ambike. Anthu odutsa ankamufunsa ngati akuphika miyala ya ndiwo. Chibanthu china cha mwala chinamugwera paphazi, ndipo kuyambira pamenepo ankayenda motsimphina. Koma madzi anafika. M'dera lonselo dimba la a Ndau lokha ndilo linali lobiriwira, ndipo mbewu ya pa kachiguduli ka Lufina inamera pa nazale ya Bauleni.

Zitsamba zitayamba maluwa, za kumtunda kwa ngalande zinafota dzuwa lili paliwombo, masamba akadali obiriwira. Bauleni anati ndi ludzu, natsekula madzi ambiri. M'mawa mwake mzere wachiwiri unafota. Anaonjezanso madzi. Matendawo ankayenda ndi madzi omwewo, mzere ndi mzere, ndipo iye sanadziwe, chifukwa kwa Mpwitikizi uja anamuphunzitsa kuthirira, osati kuleka. Pomaliza m'dimba monse munatsala chitsamba chimodzi kumunsi, chili ndi tizipatso tatiwisi.

Apa m'pamene banja linaganiza zosamuka. Kunamveka kuti tsidya la malire kuli chimanga, ndipo wolima ganyu akupatsidwa chakudya. Jailosi anakweza bambo ake pa njinga. Bauleni anatsogoza akazi ndi ana. Lufina anali ndi mwana mmodzi wamkazi, Enelesi, woyamba kumene kulankhula, amene miyendo yake inali itayamba kutupa.

"Bereka mwanayo tizipita," anatero Bauleni.

"Tsogolani, achimwene. Akangopsa ndikutsatirani."

"Akangopsa ndani?"

"Phwetekere. Njere za wamuwisi sizimera. Ndikachoka, mbuzi zidya lero lomwe, ndipo mbewu yatha."

"Wapenga kodi? Chitsamba chimodzi?"

"Chinafota china chilichonse, ichi chokha ayi. Simukuona?"

A Ndau ali pa njingapo anati, "Mwana wanga, mbewu imapezeka. Tiye." Koma Lufina anati sipatenga nthawi, ndipo anakhulupiriradi kuti sipatenga nthawi. Akazi a achimwene akewo anali ndi ana awo kumsana ndi katundu pamutu, ndipo palibe anati, tipatse mwanayo.

Lufina anatseka ngalande ndi matope kuti madzi ake asafike pa chitsambacho. Ankakwera phiri ndi mtsuko kukatunga pamutu penipeni pa kasupe, mwana ali kumsana. Anazinga chitsambacho ndi minga. Iye ndi mwanayo ankadya mizu, masamba a m'tchire ndi phala la nthochi zaziwisi pamene zapezeka. Phwetekere sapsa chifukwa munthu ali pachangu. Anayamba kuyezuka pang'onopang'ono, kenaka chikasu, ndipo m'masiku amene anafiira, Enelesi anamwalira. Amayi awiri okalamba amene anatsala m'mudzimo ndiwo anathandiza kumuika.

Pano tisawonjeze kanthu. Ana anamwalira chaka chimenecho m'midzi yambiri, ena panjira yopita kutsidya komweko, ena atafika kale. Palibe angalumbire kuti Enelesi akanapulumuka. Palibenso angalumbire kuti sakanapulumuka, pakuti ana a Jailosi ndi a Bauleni onse anabwerako amoyo. Lufina ankadziwa zonse ziwirizi. Atachoka kumanda anapita kudimba, anathyola zipatsozo, anazifinyira pa chidutswa cha nsalu imene ankaberekera mwanayo, popeza chiguduli chinali chitatha, anawaza phulusa, nachikoloweka pa utsi.

Njala itatha banja linabwerera, ndipo atatuwo analima pamodzi osakamba za mwanayo. Mbewu ija inabereka chipatso chimene sichinaonekepo kuderako. Kukula kwake kunali ngati dzira la nkhuku: chosafika pa tamati wa ku Joni, choposa kutali phwetekere wa makolo. Khungu lake linali lolimba moti chinkafika ku Limbe m'dengu chosaphwanyika, ndipo ngakhale madzi a m'ngalande achipeze, sichinkafota. Banja la a Ndau linavala, linagula mbuzi, linafolera nyumba. Anthu anayamba kubwera kuchokera kutali kudzapempha mbewu, koma ankasowa khomo logwadapo. Akafunsa dzina lake ankamva mayina atatu. Bambo awo anaona zonsezi, ndipo anamwalira atasiya mawu aja.

Atameta maliro, nkhaniyi inapita kwa atsibweni awo, mlongo wa malemu mayi awo, a Zakeyu, amene anthu ankangowatcha a Kopolo chifukwa anamenya nawo nkhondo kumaiko akutali. A Kopolo anakana kukambira pakhonde. Anati apite kudimba komweko, ndipo anakhala pa mwala m'mbali mwa ngalande, atatuwo ali pansi.

Jailosi anayamba, akutsokomola. "Atsibweni, nkhani iyi ndi yaifupi. Mwana amadziwika ndi atate ake. Popanda chipewa changa, bwenzi muno muli timaso ta nkhuku mpaka lero. Ine ndinaika msana wanga pa chikoti. Mbewuyi ndi tamati wa Jailosi."

Bauleni anatambasula phazi lake lopindika kuti onse alione. "Tamati wanu, achimwene, anafa yense. Ndinamuzula ndi manja angawa. Chimene chili muno chinamera pa nazale yanga, ndi madzi anga, chaka chimene ngakhale achule anasamuka. Njere youma pa chiguduli si mbewu, ndi zinyalala. Imakhala mbewu ikamwa madzi."

"Madzi ako omwewo ndi amene anapha dimba lonse."

"Nanga inu simunazule phwetekere wa amayi? Akanakhala womvera mlongo wathuyu, bwenzi lero tikukangana za chiyani?"

A Kopolo anatembenukira kwa Lufina. "Nandau, wakhala chete."

"Ndilibe zambiri, atsibweni. Wina anabweretsa, wina anathirira, sindikukana. Koma onse awiri anaisiya. Anaiyang'ana n'kunena kuti chitsamba chimodzi. Ine ndinatsala. Ndikufuna dimba chifukwa ndilibe kwina, ndipo ndikufuna mbewuyi itchedwe Enelesi, kuti dzinalo lizitchulidwabe pakamwa pa anthu."

Jailosi analankhula motsitsa mawu, ndipo kutsitsako kunapweteka kuposa kukuwa. "Tinakuuza kuti tiye. Atate anakuuza kuti tiye. Tsono lero ukufuna tikupatse dimba ngati mphotho ya mwana amene unamusinthanitsa ndi chitsamba? Anthu azidya dzina la mwanayo m'ndiwo?"

Lufina anamuyang'ana. "Malaya mwavalawo, achimwene, anachokera pa chitsamba chomwecho. Simunawakane. Ana anu akudya za pa chitsamba chomwecho, ndipo simunawalavulitse. Tsiku lija panjinga panu panali malo a bambo. Pa chitsulo cha kutsogolo panali malo a mwana. Simunanene."

Jailosi anatsokomola nthawi yaitali. Bauleni anayang'ana madzi.

A Kopolo anathyola chipatso chimodzi n'kumachitembenuza m'dzanja. "Ana inu, ine ndayenda kuposa nonsenu, ndipo chinthu ichi ndachipeza kulikonse chili ndi dzina lina. Ku Kenya asilikali anzanga ankati nyanya. Ataliyana amene tinawagwira ku Abisiniya ankati pomodoro, akuti ndiye kuti chipatso chagolide, ndipo ankachilira kuposa akazi awo. Angelezi ankati tomato. Tsiku lina ndinamufunsa wansembe wathu wa kunkhondo, munthu wowerenga, kuti mwini wake weniweni ndani. Anandiuza kuti tamati wako iwe Jailosi, tomate wako iwe Bauleni, tomato wa Angelezi ndi matimati amene amatchula akumsika, onsewa ndi ana a liwu limodzi, tomatl, la anthu a tsidya la nyanja yaikulu, ku Mekisiko. Iwowo ndiwo anachiweta chili chakutchire. Kenaka kunafika Aspanya ndi zombo. Anatenga dziko, anatenga chipatso, anatenganso dzina. Palibe anagwada pakhomo pawo."

"Nanga phwetekere?" anafunsa Lufina.

"Dzinalo ndi lathu. Koma chitsambacho nachonso n'chobwera. Chinalowa kale kwambiri, moti amayi athu anaiwala kuti ndi mlendo, n'kumupatsa dzina la pakhomo."

"Ndiye kuti mwini wake kulibe?" anatero Bauleni.

"Alipo. Koma sadzabwera kudzatenga dimba la a Ndau."

"Tsono atsibweni, gamulani," anatero Jailosi. "Za ku Mekisiko sitidya."

A Kopolo anaika chipatsocho pa mwala. "Ndikapereka kwa iwe, ndapereka kwa munthu amene anazula theka la mbewuyi n'kuitaya kudzala. Ndikapereka kwa Bauleni, ndapereka kwa amene anaipha ndi madzi. Ndikapereka kwa Nandau, amayi a m'mudzi muno adzati a Kopolo anena kuti mbewu iposa mwana. Ndikamumana, ndiye kuti mwanayo anafera ena. Alamu anga anandisiyira mtolo wopanda pogwira. Ndipatseni nthawi."

Nthawiyo sinathe. A Kopolo ankati akafunsidwa, ankayankha kuti akuganizabe, mpaka anamwalira akuganiza. Chilimwe chotsatira Jailosi anafesa nazale, ndipo Bauleni anagubuduzira mwala pakamwa pa ngalande. Bauleni atafesa yake, mbuzi za Jailosi zinapezeka m'menemo, mpanda uli chitsekulire. Lufina sanaononge cha munthu. Anangokana kutulutsa nsalu ya mbewu, ndipo atapita ndi khasu lake kudimba anapeza alamu ake awiri atakhala pakhomo pa mpanda, ogwirizana kwa nthawi yoyamba chikwatiwire. Anabwerera. Anakalima m'miyala mwake kumtunda, kumene phwetekere wamng'ono uja ankamera yekha kuseri kwa nyumba.

Mbewuyo sinafe, chifukwa anthu amene anaipempha kale anaifalitsa m'madimba awo. Iwo ndiwo analemera nayo. Sanaitche dzina la Jailosi, kapena la Bauleni, kapena la Enelesi. Ankangoti matimati, monga ankanenera ogula a pamsewu. Ngalande inadzaza mchenga, m'dimba la a Ndau munamera bango, ndipo nsalu ija inakhalabe kudenga kwa Lufina, ikuda ndi utsi.

Mlanduwo ukadali pa mwala pomwe anausiya a Kopolo. Tsono inu mwamva zonse, zabwino ndi zoipa za aliyense. Dimba ndi limodzi ndipo siligawika. Kodi mwini mbewu ndani: amene anaibweretsa m'chipewa, amene anaing'ambira thanthwe kuti imwe madzi, kapena amene anatsala nayo mpaka inapsa, mwana wake n'kufa?